Ulendo wa gulu wa ku Cape Maclear: mukugula chiyani, ndipo ukuyenera ndani

Zithunzi zake mwazionapo pa Facebook ndi pa WhatsApp: madzi obiriwira, boti, ndi mawu akuti "malo atsala ochepa". Awa ndi maulendo a gulu amene timakampani tating'ono ta ku Lilongwe ndi ku Blantyre timakonza, makamaka pa Isitala, pa Tsiku la Anakubala la 15 October ndi pa Khirisimasi. Mumalipira kamodzi, iwo n'kukupezerani kositala, malo ogona usiku umodzi kapena uwiri, chakudya ndi ulendo wa pa boti. Maganizo athu ndi akuti ulendo wotere ndi wabwino kwambiri kwa munthu wofuna anthu ocheza nawo, ndi wapakatikati kwa wofuna kuona zachilendo, ndipo ndi kutaya ndalama kwa wofuna kukapuma. Vuto lake n'lakuti onse atatu amagulitsidwa mpando m'galimoto imodzi, ndi chithunzi chimodzi.

Anthu ofufuza za maulendo anaona kalekale kuti munthu sanyamuka chifukwa cha malo okha. Mu 1977, Graham Dann, atafunsa alendo ofika pachilumba cha Barbados, anasiyanitsa zinthu zimene zimamukankha munthu kuchoka pakhomo ndi zimene zimamukokera kumalo akutiakuti. Iye anati chokankha ndicho chimayamba: kutopa ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, komanso kufuna kuoneka kuti nawenso ndiwe munthu. Patapita zaka ziwiri, mu 1979, John Crompton anawerenga zifukwa zisanu ndi zinayi. Zisanu ndi ziwiri zinali za mumtima, monga kuthawa malo amene wawazolowera, kupuma, ulemu, kulimbitsa ubale ndi kupeza anzako atsopano. Ziwiri zokha, kuona zachilendo ndi kuphunzira, ndizo zinkakhudza malo enieniwo. Mukayang'ana m'kositala ya Loweruka m'mawa, onsewa alimo. Mayi wa ku banki akufuna tulo, anyamata akumbuyo abwera ndi sipika ndi bokosi la zoziziritsa kukhosi, ndipo mtsikana wa pazenera wanyamula madiresi atatu a zithunzi.

Tiyambe ndi wofuna kupuma, chifukwa ndiye amabwerako akudandaula. Werengani maola. Kuchokera ku Lilongwe mumadzera ku Dedza, n'kutsetsereka pa Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenako msewu wa ku Monkey Bay, n'kumalizira makilomita pafupifupi 18 okhotakhota m'mapiri. Pa kositala yodzaza, yoima pogula mbatata yokazinga ndi pa marodibuloko, tengani kuti ndi maola asanu. Ochokera ku Blantyre kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi nawonso sasiyana kwenikweni. Chikalata chimati kunyamuka 5 koloko m'mawa, koma pa anthu makumi awiri ndi asanu sipalephera wochedwa, ndipo wokonza ulendo sangamusiye munthu amene walipira kale. Mukanyamuka 7 koloko, mufika masana dzuwa lili paliwombo, nsima n'kudya cha m'ma 2. Dzuwa limalowa cha m'ma 6. Mawa lake pofika 11 koloko akuti longedzani. Ndiye kuti pa ulendo wa usiku umodzi mwakhala maola khumi pampando wopanikizana kuti mupeze maola asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi a kuwala pagombe. Onjezani nyimbo za mpaka 2 koloko usiku, ndi chipinda cha anthu atatu osadziwana. Wofuna kupumayu akanangokwera basi yekha pakati pa sabata n'kukagona masiku atatu kumapeto kwa gombe, kutali ndi mabala.

Kwa wofuna anthu, zomwezi ndiye phindu. Maola asanu a m'galimoto si otayika, ndi pamene chibwenzi chimayambira. Pano okonza maulendo ambiri amachita bwino mosadziwa. Amatsegula gulu la WhatsApp milungu itatu kapena inayi ulendo usanachitike, anthu n'kumasereulana, kufunsana zovala, kuwerengera masiku. Kafukufuku wa Jeroen Nawijn ndi anzake ku Netherlands, wa mu 2010, anapeza kuti anthu opita kutchuthi asananyamuke amakhala osangalala kuposa anzawo osapita, koma akabwerako ambiri amabwerera msanga mmene analili. Kunena kwina, gawo lalikulu la chimene mwagula mumadyeratu musanakwere galimoto. N'chifukwa chake kampani imene imangolandira dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba n'kukhala chete mpaka Lachisanu usiku yakuberani kanthu, ngakhale ulendowo utayenda bwino. M'malo mwa chiyembekezo mwakhala milungu itatu mukudzifunsa ngati sanakuponderezeni.

Chimene chimawombola ulendo wonse ndi boti lopita ku chilumba cha Thumbi. Dera lonseli lili mu Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba ta m'miyala timene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Boti likaima pamiyala, woyendetsa amanyenya buledi m'madzi, ndipo m'kanthawi kochepa miyendo yanu yazingidwa ndi tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tina tikukujomphani zala. Kenako amatenga kansomba, kukabaya ndi kabango kuti kayandame, kuimba likhweru n'kukaponya. Nkhwazi imachoka pamtengo, imatsika chopendekeka, zikhadabo patsogolo, n'kukatola osanyowetsa mapiko. Munthu amene wakhala akuiona nkhwazi pa chizindikiro cha dziko moyo wake wonse amangoti kukamwa yasa. Akatswiri a zachilengedwe sakondwa ndi kudyetsa nyama zakutchire motere, ndipo ali ndi mfundo, koma palibe angakane kuti ndi mphindi imene anthu amakasimba kunyumba.

Apa ndi pamene muyenera kufunsa mafunso musanalipire. Boti linyamuka nthawi yanji? M'mawa nyanja imakhala bata ndipo madzi amaoneka mpaka pansi. Madzulo mphepo imadzuka, makamaka miyezi ya mwera, kuyambira cha mu May mpaka August. Magulu ambiri amaika boti Loweruka madzulo chifukwa anafika mochedwa, anthu atakhuta ndiponso ena atalawa kale. Nthawi yabwino ndi Lamlungu 7 koloko m'mawa. Majekete oyandamitsa alipo angati? Yankho loyenera ndi nambala yofanana ndi anthu, kuphatikizapo aang'ono a ana, osati "alipo". Magalasi oonera pansi pa madzi alipo angati? Akakhala asanu pa anthu makumi awiri, aliyense aona kwa mphindi zochepa, ndipo amanyazi saona n'komwe. Funsaninso ngati ndalama yolowera mu paki ili m'kati mwa mtengo. Amalawi amalipira yochepa kuposa alendo akunja, choncho chiphaso cha unzika chisatsale.

Wofuna kuphunzira amapatsidwa zochepa, pamene zinthu zili pafupi. Kufupi ndi Otter Point, kumapeto kwa gombe, kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika kuno mu 1875 ndi sitima ya Ilala yoyamba, malungo n'kuwathamangitsira ku Bandawe mu 1881. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone, pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, koma eni mudzi amati pa Chembe. Odzera ku Golomoti amadutsa pafupi ndi Mua, kumene kuli nyumba yosungira za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, koma kositala siima. Wokonza ulendo amadziwa kuti anthu ambiri m'galimotomo akufuna madzi.

Chakudya nthawi zambiri ndi mpunga, tchipisi, nkhuku ndi nyama yootcha, zomwezo za kutauni. Ena amadabwa kuti tabwera kunyanja bwanji osadya kampango. Stanley Plog, amene ankafufuzira makampani a ndege ku America chifukwa chimene anthu ena sankakwerera ndege, anafotokoza mu 1974 kuti apaulendo amayambira pa okonda zozolowereka kukafika pa okonda zachilendo, ndipo ambiri ali pakati. Ulendo wa gulu umaphikira a pakatiwo: malo achilendo, mbale yozolowereka. Ngati mukufuna chambo kapena kampango wa tsiku lomwelo, uzani a kukhitchini mukangofika kuti akagule kwa asodzi, ndipo mulipira padera. Tengani ndalama za m'manja kuchokera kutauni kapena ku Mangochi, chifukwa netiweki ikagwa foni siigula nsomba.

Chinthu chimodzi chimene pafupifupi palibe wotsatsa amachitchula ndi likodzo. Gombe la ku Chembe ndi lodziwika ndi matendawa. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka kufupi ndi mudzi ndi m'mabango, ndipo timalowa pakhungu popanda kumva kuwawa. Kumiyala ya kuzilumba chiopsezo n'chocheperapo, koma sikuti palibiretu. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo mulingo wake umatengera kulemera kwa thupi. Cholakwika chofala ndi kumwa tsiku lobwerera. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zokhwima, ndipo zimatenga milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu kuti zikhwime, ndiye womwa msanga amangodzinamiza. Dikirani nthawiyo, pitani kuchipatala, nenani kumene munasamba. Neti ya udzudzu muione musanagone, ngati yang'ambika pemphani ina kusanade.

Pomaliza pali ulendo wobwerera, umene makampani ambiri sauganizira. Daniel Kahneman, katswiri wa za maganizo a anthu, ndi anzake anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti munthu akamakumbukira chimene chinamuchitikira, amatsamira pa mphindi imene zinafika pachimake ndi pa mathero ake, osati kutalika kwake. Pachimake pa ulendowu ndi nkhwazi ija. Mathero ake nthawi zambiri ndi kositala yoima pamzere wa mafuta, anthu anjala chifukwa chakudya cha Lamlungu masana sichinali mu mtengo, kukwera Khwekhwerere kutada, n'kutsitsidwa m'tauni 9 koloko usiku minibasi zitatha. Wokonza wodziwa ntchito amathira mafuta obwerera anthu ali pa boti, amanyamuka isanakwane 1 koloko, amasunga madzi ndi kachakudya ka m'njira, ndipo amatumiza zithunzi za gulu usiku womwewo. Musanatumize dipoziti, funsani kuti Lamlungu mukafika nthawi yanji ndipo akakutsitsani pati. Funsaninso laisensi yawo ya zokopa alendo ndi dzina la loji, kenako imbani ku lojiko mumve ngati gululo lasungitsadi zipinda, zingati, ndipo chilichonse chili ndi mabedi angati.