Tcheniso ya zogwirira zotentha yodulira nkhuni: Stihl MS 261, Husqvarna 550 XPG, kapena kungokwera pa 60cc?

Anzanga amene muli kuno ku Scotland ndi kumpoto kwa England, amene mumadula nkhuni kaya pa famu ya abwana kaya mwayamba kabizinesi kanu kogulitsa zipika, nkhani ya zogwirira zotentha pa tcheniso musamaitenge ngati ya anthu ofuna zapamwamba ayi. Ntchito ya nkhuni kuno imachuluka nthawi yoipa yomwe ija, kuyambira November mpaka March, mitengo ili yonyowa, magolovesi anyowa ola loyamba lomwe, nde makinawo akunjenjemera m'manja tsiku lonse. Kuzizira ndi kunjenjemera zikakumana ndi pamene zala zimayamba kuyera ndi kuchita dzanzi, matenda aja kuno amawatchula kuti HAVS, mitsempha ya magazi ya m'zala imafinyika nde ikaonongeka kwambiri sibwereranso. Lamulo la kuno la 2005 la kunjenjemera pa ntchito linaika 2.5 m/s² ngati pamene bwana ayenera kuyamba kuchitapo kanthu ndi 5 m/s² ngati malire pa tsiku la maola 8, ndipo a HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito, amanena okha kuti manja azikhala ofunda ndi ouma. Ife tinakulira kotentha, zala zathu tizisamale.

Mmene zimagwirira ntchito nzosavuta. Kuseri kwa flywheel kuli kajenereta kakang'ono, injini ikamazungulira kamapanga magetsi, magetsiwo amapita mu timapepala ta waya tomwe anatimata mkati mwa chogwirira cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, pali swichi yoyatsa ndi kuzimitsa basi. Palibe batire. Chofunika kudziwa nchakuti kutenthako kumatsatira mmene injini ikulirira, ikangokhala pa idle simumva kanthu kwenikweni, koma ikamadya mtengo zogwirira zimafunda mpaka nthawi zina mumazimitsa nokha. Nchifukwa chake pa ntchito yathuyi zimayenda bwino zedi, chifukwa wodula nkhuni pa mulu amakhala akukanikiza chala pafupifupi nthawi yonse, chipika ichi chatha uyo walowa china. Ndipo phindu lenileni lomwe anthu saliona msanga ndi loti mumatha kuvala magolovesi opyapyala, nde simufinya makina mwamphamvu, ndipo mukagwira mopepuka kunjenjemera kolowa m'manja kumachepanso.

Pogula yang'anani zilembo za kumapeto kwa dzina. Kwa Husqvarna ndi G, nde 550 XP ilibe koma 550 XPG ili nazo. Kwa Stihl W ndi zogwirira, V ndi kabuleta yotenthetsedwa, nde mukaona VW ndiye kuti zonse ziwiri zilimo. Za kabuletazo nzofunikanso, nyengo ya kuno ya chinyezi kukazizira pafupi ndi 0 mkati mwa kabuleta mumaundana timadzi, makina nkumazima pa idle kapena kumalira mosokonekera, ambiri amaganiza kuti ndi petulo woipa pomwe ndi ayisi chabe. Kutenthetsa kabuletako kumadziyatsa kokha, si kwa pa swichi ija.

Tsopano ziwiri zomwe aliyense amalimbana nazo. Stihl MS 261 C-M ili ndi 50.2cc, mphamvu 3.0 kW, kulemera 4.9 kg popanda bar (chitsulo chija tcheni chimazungulirapo) ndi tcheni. Husqvarna 550 XP Mark II, yomwe inatuluka mu 2019, ili ndi 50.1cc, mphamvu 3.0 kW yomweyo, kulemera 5.3 kg, ndipo ya G ndi 5.5 kg. Stihl ya VW nayo imaonjezera magalamu pafupifupi 200 pa kulemera kwake. Nde pa pepala mphamvu ndi chimodzimodzi, Stihl ikupepuka ndi magalamu ngati 400. Wina anena kuti 400 ndi chani, koma makinawo mumawanyamula ndi kuwatsitsa kambirimbiri mutawerama, pofika madzulo msana ndi umene umakuuzani kuti kusiyana kulipo.

Koma m'manja sizimveka zofanana. Husqvarna ndi yowonda thupi, imadzuka msanga mukangokhudza chala, ndipo poisadzira nthambi imatembenuka bwino kwambiri, anaipangira nkhalango za ku Sweden komwe munthu amagwetsa mtengo wa spruce nkumathamanga nawo kuchotsa nthambi mpaka kunsonga. Chimodzi chomwe chimaipangitsa kukhala choncho ndi kilatchi yake yomwe ili kunja, bar imakhala pafupi ndi pakati pa makina. Vuto la kilatchi ya kunja ndi loti kusintha sprocket, kagiya koyendetsa tcheni, kumafuna kumasula kilatchiyo kaye, komanso bar ikapanidwa mu chipika kuchotsa injini kuti bar itsale mu mtengomo kumavutirapo. Pa MS 261 kilatchi ili mkati, sprocket mumaichotsa ndi kakilipi kamodzi, kuika tcheni nkosavuta ngakhale zala zili zozizira. Kwa munthu wa nkhuni, amene nthambi si ntchito yake yaikulu koma kudula zipika zomwe zapanikizana pa mulu, apa ine ndimaona kuti Stihl yapambana. Amene mumagwetsa nokha mitengo ya m'nkhalango nkuisadza, makamaka Sitka spruce yomwe yadzaza kunoyi, 550 XPG mudzaikonda kuposa.

Zonse ziwiri kabuleta yake imadzichuna yokha ndi kakompyuta, Stihl amati M-Tronic, Husqvarna amati AutoTune. Palibenso zomapotokola timasikuluwu ta H ndi L ndi sikuludilaiva. Ndi zabwino chifukwa makina amadzisintha okha kukazizira kapena fyuluta ikayamba kutseka, koma zikutanthauzanso kuti tsiku lomwe yavuta simuikonzera pansi pa mtengo, ikufunika dila amene ali ndi chipangizo cholumikiza pa kompyuta. Apa ndi pamene ndimauza aliyense kuti musanasankhe mtundu, fufuzani kaye kuti shopu yapafupi ndi inu yomwe ili ndi makaniko weniweni ikugulitsa mtundu uti. Makina abwino omwe dila wake ali kutali maola awiri, mu January maoda atadzaza, ndi nkhuni zosadulidwa sabata yathunthu. Makampani onsewa ndi akale, Stihl inayamba mu 1926 ku Germany, Husqvarna inayamba ngati fakitale ya mfuti mu 1689 nkudzayamba matcheniso mu 1959, masipeya sasowa, chosiyana ndi mtunda wokawatenga basi.

Funso lomwe ndi lalikulu kuposa la mtundu ndi la kukula kwa injini, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika. Tcheniso ya 50cc imasangalala ndi bar ya mainchesi 15 kapena 16 ndi tcheni cha saizi ya .325, mpaka 18 imakoka ndithu koma mu oak kapena beech wouma mumamva kuti ikupempha chifundo. Ngati mitengo yomwe imakufikirani ndi birch, spruce, ndi ash wapakatikati, yonenepa masentimita 20 mpaka 35, musapitirire pamenepa, 50cc ndi yokwanira ndipo petulo imamwa pang'ono. Koma ash wamkulu wachuluka masiku ano chifukwa cha matenda a ash dieback omwe anapezeka kuno mu 2012, mitengo ikuluikulu ikugwetsedwa m'mbali mwa misewu ndi m'mafamu, komanso mphepo ngati Storm Arwen ya November 2021 inasiya mitengo yambirimbiri ili pansi. Ngati zipika zanu nthawi zambiri zikupitirira masentimita 40, apo ganizirani 60cc.

Pa 60cc pali Stihl MS 362 C-M, 59cc, 3.5 kW, 5.6 kg, yomwe ya VW iliponso, ndi Husqvarna 560 XPG ndi 562 XPG, zonse 59.8cc ndi 3.5 kW, kulemera kwake kuli cha m'ma 6 kg. Anthu amasokonezeka ndi 560 ndi 562, injini ndi imodzi, kusiyana kwakukulu ndi pomangira bar, 560 imatenga ma bar a pomangira pang'ono ngati a 550, pomwe 562 imatenga a pomangira pakulu ngati a matcheniso akuluakulu ndipo imayenda ndi tcheni cha 3/8. Nde ngati muli kale ndi 550 ndipo mukufuna kumasinthanitsa ma bar, 560 ndi yanu. Ngati mukufuna bar ya mainchesi 18 kapena 20 yokhazikika ya mitengo yolimba, 562 kapena MS 362. Ine kwa munthu amene akufuna tcheniso imodzi yokha ya chilichonse, ndipo amagulitsa nkhuni osati kungodulira mbaula ya kunyumba, ndimati 60cc ya bar ya 18. Imadula msanga moti nthawi yomwe manja ali pa makina onjenjemera imachepa, ndipo zimenezonso ndi mbali ya kuteteza zala zija.

Za 70cc kupita kumtunda, monga 572 XPG ya 70.6cc, MS 462 C-M VW ya 72.2cc, kapena MS 500i W yomwe ilibe kabuleta nkomwe chifukwa imapopera petulo ndi injekishoni, nchifukwa chake ili ndi W yekha popanda V, ndi makina okoma koma pa nkhuni wamba ndi ngati kutenga lole kukagula tomato pa msika. Mtengo wake wokwera, petulo wambiri, ndipo pa zipika zing'onozing'ono simupindula kanthu. Pokhapokha ngati mumalandira mathunthu a oak ndi beech okula kuposa bar ya 20.

Echo nayo ili ndi CS-501SXH, H ameneyo ndi wa zogwirira zotentha, ndi yopepuka, kabuleta yake ndi yochuna pamanja ndipo mtengo umakhala wotsikirapo, kwa amene amakonda kukonza yekha makina si yoipa ngati dila alipo pafupi. Makita ndi Dolmar za petulo anasiya kupanga mu 2022, nde zimenezo muzipeza zakale zokha.

Chinthu china, zogwirira zotentha sizikonza tcheni chobuntha. Tcheni chikabuntha mumayamba kukanikiza ndi mphamvu, utuchi umatuluka ngati ufa m'malo mwa tizidutswa, kunjenjemera kumachuluka, nde phindu lonse la ndalama mwaonjezera zija lapita. Nkhuni zokokedwa m'matope zimabunthitsa msanga kwambiri, nolani pafupipafupi, tupa wa 4.8 mm pa .325, ndipo pa 3/8 ndi 5.2 mm kwa tcheni cha Stihl, 5.5 mm kwa cha Husqvarna. Petulo ndi oyilo 50 kwa 1, kutanthauza 100 ml mu malita 5. Kuyambira September 2021 petulo wamba wa pa pampu kuno ndi E10, amakoka chinyezi ndipo sachedwa kuonongeka, musasunge wosakaniza miyezi, ngati makina akhala osagwira ntchito nthawi yaitali thirani petulo wapadera wogulitsidwa m'zigubu wa Aspen kapena MotoMix. Pa Stihl palinso kachitseko kakang'ono pansi pa kavala komwe mumatembenuzira ku nyengo yozizira kukatsika pansi pa madigiri 10, kumbukirani kukabweza kukafunda, apo ayi injini imatentha mopitirira.

Ndipo chonde abale, buluku la tcheniso, la Class 1 lomwe limaimitsa tcheni chothamanga mamita 20 pa sekondi, helimeti ya zotseka makutu ndi nsapato zake, zimenezi zilowe mu bajeti yomweyo musanawerenge za G kapena W. Ngati mukugwirira ntchito munthu, satifiketi ija anthu amaitchulabe kuti CS30 ya kusamala makina ndi kudula zipika, ndi CS31 ya kugwetsa mitengo yosapitirira 380 mm, adzakufunsani, a inshuwalansi nawonso. Amene mumagulitsa ku England mukudziwa kale kuti kuyambira May 2021 nkhuni zogulitsa pang'onopang'ono, zosakwana ma cubic metre awiri, ziyenera kukhala ndi chinyezi chosapitirira 20 peresenti, nde zomwe mukudula dzinja lino ndi za chaka chamawa kapena chinacho, oak amachedwa kuuma kuposa ash ndi birch.

Ena amaganiza zoti adzaitumiza kumudzi akadzamaliza nayo kuno. Pa chimenecho musaonjezere ndalama chifukwa cha zogwirira, ngakhale ku Chikangawa mu June kumazizira ndithu koma si kuzizira kofuna hita m'manja, ndipo makina a kakompyuta kutali ndi dila ndi mtolo. Kumudzi kumafunika tcheniso ya kabuleta wamba yomwe makaniko aliyense angaitsegule. Gulani ya kuno chifukwa cha ntchito ya kuno.

Kusankha kwanga kuli chonchi, mitengo yapakatikati pa mulu MS 261 C-M VW chifukwa cha kupepuka ndi kilatchi ya mkati ija, kugwetsa ndi kusadza m'nkhalango 550 XPG, mitengo yolimba ikuluikulu MS 362 C-M VW kapena 562 XPG malinga ndi dila amene ali pafupi. Dziwani kuti za zogwirira zotenthazi mashopu ambiri sasunga pa shelefu, amachita kuitanitsa, nde odani mu September kapena October chisanu chisanafike, ndipo musadalire zodzaikitsa hita pambuyo pa makina omwe analibe, pamafunika jenereta, flywheel ina, zogwirira zina ndi mawaya, mtengo wake umaposa kusiyana komwe mukanalipira pogula.

Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito, musangokhulupirira chilembo cha pa kavala chifukwa makavala amasinthidwa. Iyatseni, yatsani swichi, dulani nayo zipika zingapo osavala magolovesi okhuthala, kenako gwirani chogwirira cha kutsogolo ndi cha kumbuyo paokhapaokha, chifukwa zimatheka chimodzi kumafunda china chitafa, waya wake atathothoka kapena kapepala ka mkati katapsa. Yang'ananinso ngati chogwirira cha kutsogolo chinapindikapo, mtengo ukagwera makina ena amaikapo chogwirira wamba chopanda waya chifukwa nchotchipa, swichi nkumaonekabe ili pamalo pake.