Kampani ya care, wantchito wodzilembera nokha, kapena mlongo wa kutchalitchi: ndani asambitse amayi?

Apongozi anga anadwala sitiroko kuno ku England, komwe anagwirako ntchito zaka zambiri. Potuluka m'chipatala mkono ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, ndipo Chingerezi chomwe ankachilankhula bwinobwino chinawathawa, kunangotsala Chichewa chakwawo ku Ntcheu. Ine ndi amuna anga tonse tili pantchito, ndiye panafunika munthu wowasambitsa, kuwaveka, kuwaperekeza kuchimbudzi ndi kuwamwetsa mankhwala. Njira zitatu zomwe anthu athu amatsata taziyesa zonse.

Musanasankhe chilichonse, yambani mwaimbira khonsolo ya kwanu. Lamulo la Care Act la 2014 limaikakamiza kudzaunika zosowa za wodwala kwaulere. Ngati wodwalayo ali ndi chuma choposa £23,250 amadzilipirira yekha, koma nyumba yomwe akukhalamo siwerengedwa ngati chisamaliro chikuchitikira momwemo. Wongotuluka kumene m'chipatala athanso kupatsidwa thandizo laulere lofika milungu 6, lomuphunzitsanso kudzichitira zinthu.

Ife milunguyo itatha tinathamangira njira yachikwathu. Mlongo wina wa kutchalitchi ankafuna ganyu, tinagwirizana zomupatsa ndalama pamanja Lachisanu lililonse. Mtima wake unali wabwino, amayi ankawatcha agogo, ankawaphikira phala lamgaiwa. Koma anali asanaphunzirepo kanyamulidwe ka munthu wofa ziwalo. Ankawadzutsa powagwira m'khwapa n'kukoka, mpaka phewa la mkono wakufawo linayamba kuwawa usiku wonse. Mankhwala sankalemba paliponse, moti tsiku lina tinachita kuwerenga mapiritsi otsala m'paketi kuti tidziwe ngati amwa. Ndipo kumudzudzula kunali kovuta, poti Lamulungu tikakhala benchi imodzi. Iyenso tinkamulakwira: akanathyoka msana ponyamula, panalibe inshuwalansi yomuthandiza. Onjezani kuti kulemba ntchito munthu wopanda chilolezo chogwira ntchito m'dziko muno chindapusa chake chimafika £45,000 pa mlandu woyamba. Njira iyi sindiilimbikitsa ngakhale pang'ono. Mlongoyo azibwera kudzacheza, kudzaphika nsima ndi kudzapemphera nawo, koma zonyamula ndi zamankhwala ayi.

Kenako tinatenga kampani. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ili ndi woiyang'anira. Kampani iliyonse yotumiza anthu kukasambitsa ndi kuveka odwala m'makomo ku England iyenera kulembetsa ku Care Quality Commission, yomwe tonse timangoti CQC. Bungweli limaika makampani m'magulu anayi: Outstanding, Good, Requires improvement ndi Inadequate, ndipo malipoti ake aliyense atha kuwerenga pa intaneti. Musangoona mawu akuti Good n'kukhutira. Onani chaka chomwe anayendera, chifukwa lipoti lina limakhala la kalekale, mamanejala atasintha kangapo, ndipo werengani bwino gawo lonena za chitetezo. Ku Scotland ntchitoyi ndi ya Care Inspectorate, ku Wales ndi ku Northern Ireland kulinso mabungwe awoawo.

Antchito a kampani amafufuzidwa mbiri yawo kudzera ku DBS (bungwe la boma loona ngati munthu anapalamulapo mlandu), amaphunzitsidwa kanyamulidwe, mankhwala onse amalembedwa pa MAR chart (pepala losonyeza mankhwala omwe wodwala wapatsidwa), ndipo wina akadwala kampani imatumiza mnzake. Pomwe pafunika hoist, makina onyamulira wodwala, amabwera awiri. Zimenezi zinatipatsa tulo.

Chomwe chinatipweteka ndi kusinthasintha kwa nkhope. Lero uyu, mawa wina, mkuja wina, aliyense akutsegula key safe, kabokosi kosungira kiyi panja pa nyumba, n'kulowa kuchipinda kwa mayi wachikulire yemwe moyo wake wonse sanavulepo pamaso pa mlendo. Amayi ankagwira chitenje chawo pachifuwa ndi dzanja lamoyolo osafuna kuchisiya. Akati "ndikufuna kukataya madzi," womverayo ankangomwetulira n'kuwasisita paphewa. Madzulo ena ndinapeza tiyi atazizira, kapu yodzaza, itaikidwa kumanja komwe dzanja silifika. Choopsa kwambiri chinali tsiku lomwe mtsikana watsopano anawapatsa madzi wamba, pomwe care plan, chikalata chofotokoza momwe azisamalidwira, inanena kuti chakumwa chilichonse chizithiridwa ufa wolimbitsa chifukwa amatsamwa. Anatsokomola mpaka misozi.

Atsikanawo sindiwada. Ambiri ndi anthu athu omwe, ochokera ku Malawi, Zimbabwe, Nigeria, Ghana, akuthamanga ndi basi kuchoka khomo ili kupita lina, rota itawapanikiza. Mphindi 30 zolembedwa zimasanduka 20 chifukwa cha mtunda. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ndi chisamaliro, linanena mu 2015 kuti ulendo wochepera theka la ola uzichitika pokhapokha wosamalirayo akudziwana ndi wodwala ndipo ntchito yake ndi yaifupi. Kusambitsa munthu wa sitiroko si ntchito yaifupi. Zikalakwika, dandaulani kukampani polemba kalata, zikakanika nkhaniyo itha kukafika kwa Local Government and Social Care Ombudsman, ofesi younika madandaulo otere. CQC imalandira zomwe mwaona koma siweruza dandaulo la munthu mmodzi. Mukaona zizindikiro za nkhanza kapena kuba, imbani ku safeguarding, nthambi ya khonsolo yoteteza anthu osatha kudziteteza, tsiku lomwelo.

Njira yachitatu ndi direct payment: khonsolo imakupatsani ndalamazo kuti mudzilembere nokha munthu, yemwe amatchedwa PA (personal assistant). Ife tinapeza mayi wina wa ku Chipata, wolankhula Chinyanja, yemwe anagwirapo ntchito m'nyumba yosungira okalamba. Tsiku loyamba anagwada pambali pa bedi n'kuti, "Mwadzuka bwanji amayi?" Apongozi anga anayankha chiganizo chathunthu, chinthu chomwe tinali tisanamve kwa miyezi. Pa ubwino wa chisamaliro, njira iyi inaposa zonse. Maso amodzimodzi tsiku ndi tsiku amaona zomwe mlendo sangaone. Ndi iye anazindikira kadontho kosintha mtundu pachidendene, kotentha ukakakhudza, n'kuitana district nurse, namwino woyendera odwala m'makomo, kasanasanduke chilonda. Pakhungu lathu lakuda chiyambi cha zilonda zakugona sichifiira ngati pa mzungu, chimangoderako, ndiye wofulumira amachidumpha.

Koma dziwani kuti PA wolembedwa ndi banja CQC simuyendera. Woyendera ndinu. Bwana ndinunso: kontrakiti, msonkho wa PAYE wodulidwa pamalipiro n'kupita ku HMRC (bungwe lotolera misonkho), penshoni ngati akuyenera, tchuthi cholipidwa cha milungu 5.6 pachaka, inshuwalansi ya olemba ntchito yosachepera £5 miliyoni, kuona zikalata zake zomulola kugwira ntchito. Za DBS pemphani khonsolo ikuthandizeni, ndipo komwe anagwirako kale imbaniko nokha, musangokhulupirira kalata. Samalaninso ndi makampani ongolumikiza mabanja ndi osamalira odziimira paokha. Amaoneka ngati kampani ya care, koma ambiri sali pansi pa CQC, chifukwa sayendetsa chisamalirocho. Afunseni mwachindunji ngati analembetsa.

Kufooka kwa njirayi tinakuona mayi uja atagwidwa ndi chimfine chachikulu mu Januwale. Sabata yathunthu panalibe wolowa m'malo mwake. Ine ndinajomba kuntchito masiku atatu, amuna anga awiri, ndipo iwo sakanatha kusambitsa mayi awo owabereka.

Pano tinaphatikiza. PA amabwera m'mawa Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi yosamba ndi kuvala. Kampani imabwera madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo tinalembetsa mu care plan kuti azikhala akazi okhaokha, osaposa anayi osinthana. Motero PA akadwala, olowa m'malo ndi anthu omwe amayi amawadziwa kale. Pafiriji pali kope limodzi lomwe onse amalembamo zomwe amayi adya, amwa ndi momwe khungu lilili. Patsamba loyamba ndinalembapo mawu khumi a Chichewa ndi matanthauzo ake, ndipo pamwamba penipeni pali "kutaya madzi".