Njinga yakapalasa kapena ya batire kuno ku Johannesburg?

Abale anga, tauni inoyi ili pamtunda, mamita opitirira 1,700, nde ukamakwera chitunda cha Northcliff pa yakapalasa mpweya umathadi, mawondo kuchita kuwotcha. Ya batire pamenepo siyivuta, umapalasabe koma mota imakukankha, ngakhale achikulire amafika pamwamba akucheza.

Koma kulemera kwakeko! Makilo opitirira 20, ngati mumakhala pa fulati yopanda lifiti muganize kawiri. Mtengo nawo ndi wokwera, batire ikafooka kugula ina ndalama zambiri, komanso magetsi akazima simutchaja.

Yakapalasa tcheni chikaduka aliyense amakonza, ndiyopepukanso. Pozungulira Delta Park kapena Emmarentia Loweruka mmawa ine ndimasankha yomweyo, thukuta ndimalifuna. Ya batire muitenge ngati mawondo ayamba kuvuta.