Côtes du Rhône wofiira: wabwino pa mbuzi, osati pa chambo

Vinyo uyu amachokera kumwera kwa France, m'chigwa cha mtsinje wa Rhône, ndipo kawirikawiri amasakaniza mitundu itatu ya mphesa. Grenache ndi amene amachuluka, amapatsa kukoma kwa zipatso zakupsa komanso ukali, nthawi zambiri 14%. Syrah amadetsa mtundu ndi kuwonjezera kafungo ka tsabola. Mourvèdre ndiye amaumitsa m'kamwa ngati tiyi wowiritsa kwambiri. Kuumako kumachokera ku makoko a mphesa, omwe amawasiya m'madzi a mphesawo pamene akusasa.

Pa nyama ya mbuzi yowotcha kapena ng'ombe yamsuzi, ndi wabwino zedi, mafuta a nyama amafewetsa kuuma kuja. Pa chambo ayi. Nsombayo imayamba kumveka chitsulo m'kamwa, bola vinyo woyera.

Vuto kuno ku Mangochi ndi kutentha. Vinyoyu amafuna madigiri 16, ndiye muikeni mufiriji mphindi 30 musanatsegule, apo ayi mungomva ukali wa mowa basi. Pogula yang'anitsitsani pakamwa pa botolo. Ngati chotsekera chatukuka kapena pali zizindikiro zoti vinyo anadontha, ndiye kuti anapsa ndi kutentha pashelefu, musiyeni. Mukatsegula, musunge mufiriji ndipo athe pasanadutse masiku atatu.