Kutengera kapena kukulunga: kusankha njira pa ma type a C mu MicroPython

Mu CPython, Python wamba amene timagwiritsa ntchito pa kompyuta, mukalemba `class Wanga(list):`, kutanthauza kuti class yanu ikutengera kwa list, mumapeza chinthu chimodzi: list yomweyo, yongowonjezeredwa malo osungira ma attribute anu. Zakhala choncho kuyambira pa Python 2.2 mu 2001, pamene ma type olembedwa mu C anayamba kulola kuti ma class wamba azitengera kwa iwo. MicroPython, imene Damien George anayambitsa mu 2013 kuti iziyenda pa tizipangizo ta memory yochepa, imaulandira mzere womwewu osadandaula, koma zochitika mkati mwake n'zina. Simupeza chinthu chimodzi ayi, mumapeza ziwiri. Chakunja ndi cha class yanu, chili ndi tebulo lake la ma attribute lotchedwa `members`. Chamkati ndi chija cha C, chosungidwa pa `subobj[0]`. Kusankha kulikonse kumene tikambirane pano kukuchokera pa mfundo imeneyi.

Tiyambe ndi kutengera, poti ndi kumene aliyense amathamangira. Mukawerenga `x.liwiro`, MicroPython imayang'ana kaye mu `members`, kenako mu class yanu ndi makolo ake, ndipo ikafika pa kholo la C imafunsa chinthu chamkati chija. Kuwerenga kumayenda bwino. Kulemba ndiye kumene kuli msampha. `x.liwiro = 50` imaona ngati class yanu ili ndi property kapena `__setattr__`, ndipo ngati palibe, imangoponya 50 uja mu `members` basi. Chamkati sichimva chilichonse. Zili ngati kulemba pa envulopu poganiza kuti mwasintha kalata imene ili mkatimo.

Tiyerekeze kuti mu firmware yanu (pulogalamu ya MicroPython yoikidwa pa chipangizo) muli type ya C yotchedwa `Injini`, yokhala ndi `attr`, ntchito ya C yowerenga ndi kulemba ma attribute, imene imalandira `liwiro` n'kulitumiza ku hardware:

```python
class Yanga(Injini):
    pass

a = Injini()
a.liwiro = 50    # injini yazungulira
b = Yanga()
b.liwiro = 50    # injini ili duu
print(b.liwiro)  # 50
```

Mzere womaliza ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri. Palibe error, ndipo mukafunsa mumayankhidwa 50, chifukwa `members` ndiye amayamba kuyang'anidwa. Kuyambira pamenepo mtengo (value) weniweni wa mkati waphimbika, ngakhale hardware itausintha simudzauonanso mpaka mutachotsa wabodzawo ndi `del b.liwiro`. Munthu akhoza kutha tsiku lonse akuyeza mawaya pomwe vuto lili pa mzere umodzi. Mu CPython sizingatheke, chifukwa attribute yotere ya C imakhala data descriptor pa type (chinthu chogwira kuwerenga ndi kulemba kwa attribute), ndipo imaposa mphamvu `__dict__` ya chinthucho powerenga ndi polemba pomwe.

Mwina muganiza zoika property mu `Yanga` kuti muligwire vutoli. Property imagwiradi kulembako, koma mukagwira mukupereka kwa ndani? Kuchokera ku Python mulibe dzina lofikira nalo `subobj[0]`, ndipo `super().liwiro = 50` siyenda. Njira imatseguka pokhapokha type ya C ili ndi method yoikira mtengowo.

Pali zinanso zingapo zobwera ndi kutengera. Ma type a C mu MicroPython alibe `__new__` ndi `__init__` zosiyana, choncho chamkati chimapangidwa pa nthawi imene mwaitana `super().__init__()`. Mukaitana method ya kholo musanafike pamenepo mumalandira AttributeError, ndipo pa firmware yomangidwa popanda `MICROPY_BUILTIN_METHOD_CHECK_SELF_ARG` chipangizo chimatha kugweratu. Makolo awiri a C pa class imodzi amakanidwa ndi TypeError. Method ya C imalandira chamkati chokha, siidziwa n'komwe kuti kunja kuli class yanu, ndiye method imene mwailemba mwatsopano siidzaitanidwa kuchokera mkati. Apa CPython nayo ili ndi khalidwe lofananako: `update()` ya dict siitana `__setitem__` yanu, n'chifukwa chake kuli `collections.UserDict`. Koma `collections` ya mu firmware ya MicroPython ili ndi `deque`, `namedtuple` ndi `OrderedDict`, mulibe `UserDict`.

Ndisanamizire kutengera mopitirira muyeso, pali malo amene kumapambana kotheratu. Driver wa sikirini ya SSD1306 ndi chitsanzo chabwino. Poyamba ankasunga framebuffer (chosungira ma pixel a sikirini mu memory) mu attribute yake n'kumalemba `fill`, `pixel`, `scroll` ndi `text` m'modzim'modzi, iliyonse yongopatsira ntchito mkati. Masiku ano amayamba ndi `class SSD1306(framebuf.FrameBuffer)`. Onani dongosolo la mu `__init__` yake: amaika `self.width` ndi `self.height`, amapanga `self.buffer`, imene pa sikirini ya 128 ndi 64 ndi ma byte 1024, kenako amaitana `super().__init__()`, ndipo pomaliza ndi pamene amayatsa sikirini. Kuika ma attribute kholo lisanabadwe sikuvuta chifukwa akupita ku chakunja. Zikuyenda bwino chifukwa FrameBuffer imagwira ntchito yake yonse kudzera m'ma method, ilibe attribute yoti muilembe n'kuyembekeza kuti C aimva. Komanso `blit`, method yojambula FrameBuffer ina pamwamba pa inzake, imalandira subclass chifukwa imayamba yaitana `mp_obj_cast_to_native_base` kuti ifike pa chamkati. Si ntchito iliyonse ya C imachita zimenezi, ndiye ndi bwino kuyesa musanadalire.

Pa ma exception palibe zosankha. `raise` imafuna chinthu chotengera kwa `BaseException`. Ndipo apa chakunja chija chimakuthandizani: `e = Exception(); e.x = 0` imakanika mu MicroPython, pamene pa subclass yanu imatheka chifukwa muli ndi `members`. Kumbukirani kulemba `super().__init__()`, osati `Exception.__init__(self)`, imene kulibeko.

Njira yachiwiri ndi kukulunga: class yanu isatengere kalikonse, ingosunga chinthu cha C m'manja mwake.

```python
class Yanga:
    def __init__(self):
        self._i = Injini()

    @property
    def liwiro(self):
        return self._i.liwiro

    @liwiro.setter
    def liwiro(self, v):
        self._i.liwiro = v
```

N'zotopetsa kulemba, sindikana. Koma chamkati tsopano chili ndi dzina, `self._i`, ndipo palibe kulemba kumene kungasochere inu osadziwa. Code yomweyi idzachita chimodzimodzi pa CPython, zimene zimathandiza kwambiri ngati mumayesa mapulogalamu anu pa kompyuta musanawaike pa chipangizo. Amene amaopa kuti kukulunga kudya RAM yambiri aganizirenso: kutengera nakonso kumaika zinthu ziwiri pa heap, gawo la RAM losungira zinthu za pulogalamu. Chowonjezereka chenicheni ndi malo amodzi mu `members` ndi bytecode ya ma method opatsira ntchito aja. Ngakhale zolemba za MicroPython zofotokoza kusiyana kwake ndi CPython, pa nkhani ya kutengera kwa `int`, zimalangiza kupewa kutengera ma type a mkati pokhapokha pakufunikadi.

Kuti musalembe method iliyonse, mutha kuika `__getattr__` yopatsira zonse zosapezeka kwa `self._i`. Chenjerani, chifukwa imeneyi imagwira kuwerenga kokha, ndipo mukaiwala mwabwezeretsa msampha uja ndi manja anu. Kulemba kumafuna `__setattr__`, imene imagwira pokhapokha firmware inamangidwa ndi `MICROPY_PY_DELATTR_SETATTR`, ndipo ikakhalapo kulemba kulikonse pa class imeneyo kumadutsa mu code ya Python, kotero kumachedwa. Ine ndimakonda property zochepa zolembedwa poyera kusiyana ndi `__setattr__` yogwira chilichonse. Chotayika china pa kukulunga n'chakuti `isinstance(b, Injini)` imayankha False, ndipo ntchito ya C yofuna `Injini` muyenera kuipatsa `b._i` nokha.

Njira yachitatu ndi ya amene mumalemba mbali ya C. Mukhoza kulithetsa vutoli lisanabadwe posagwiritsa `attr` pa zinthu zolembedwa. Taonani module ya `machine`: `pin.value()` imawerenga, `pin.value(1)` imalemba, chimodzimodzinso `pwm.freq()` ndi `pwm.freq(1000)`. Kuitana method ndi kuwerenga dzina, ndipo taona kale kuti kuwerenga kumafika mkati, ndiye subclass iliyonse imayenda popanda chodabwitsa. CircuitPython ya Adafruit inasankha kalembedwe kena, `led.value = True`, kamene kamaoneka bwino m'maso ndipo ophunzira amakamva msanga. Koma pa MicroPython, ngati mukuyembekeza kuti anthu adzatengera type yanu, apatseni `liwiro()` ndi `liwiro(50)`. Mudzawapulumutsa ku vuto limene sangalione ndi `print`.

Ndiye musanalembe dzina la type ya C mu mzere wa `class`, fufuzani zinthu ziwiri. Kodi pali attribute ya type imeneyo imene mudzailembe ndi `=` n'kumayembekeza kuti hardware kapena C achitapo kanthu? Ngati ilipo, kulungani. Kodi chinthucho chidzabwerera ku C ngati exception, kapena ngati FrameBuffer yopita ku `blit`? Ngati ndi choncho, tengerani, ndipo `super().__init__()` ibwere musanaitane method iliyonse ya kholo. Zonse ziwiri zikakhala zoona pa type imodzi, kulungani ndithu, n'kumapereka `self._i` pamene C akufuna chake.