Filimu yachikondi yojambulidwa kwathu kuno ku Chipata

Filimuyi ndinaionera pafoni nditaikopetsa pakashopu kena mumsika wa Kapata, chifukwa achinyamata amene anaijambula analibe ndalama zolipirira holo yoti aionetseremo. Nkhani yake ndi ya mnyamata wachingoni wopalasa njinga yonyamula anthu, amene wakonda mtsikana wachichewa wa ku Katete, ndipo mkangano ukubuka pamene akuchimuna akufuna kupereka malowolo kuti mkazi akakhale kwawo, pomwe amalume a mtsikanayo akuumirira zachikamwini.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi pamene ankhoswe akhala pamphasa kukambirana, mayi a mtsikanayo ali chete pambali akusenda nshawa, maso ali pansi, kamera osachoka pamanja awo. Sindinkayembekezera kuti anthu okhala ndi kamera imodzi yokha angathe kuonetsa chisoni cha kholo mozama chonchi. Phiri la Kanjala nalonso analijambula bwino dzuwa likulowa.

Vuto lili pa mawu. Pamene okondanawo akutsanzikana m'mbali mwa msewu wa Great East, phokoso la malole opita kumalire ku Mwami likuphimba zimene akuuzana, moti ndinachita kubwereza kawiri kuti ndimve. Ndikuwapempha kuti ulendo wina adzabwereke maikolofoni yabwino, pakuti ochita sewerowa ndi aluso ndithu.