Ndemanga ya chimbale cha Robert Johnson

Patha miyezi itatu chigulireni chimbale cha The Complete Recordings, chimene chinatuluka mu 1990, ndipo ndachimvera mokwanira kuti ndinenepo maganizo anga. Muli ma CD awiri ndi kabuku. Robert Johnson, woimba nyimbo za blues wa ku America, anajambula nyimbo 29 zokha pa moyo wake wonse, zina mu hotela ina ku San Antonio mu Novembala 1936, zina ku Dallas mu Juni 1937, koma popeza zingapo anaziimba kawiri, zonse pamodzi zilimo 41.

Chimene chinandikopa poyamba ndi mphekesera ija yakuti anakumana ndi Satana pa mphambano usiku n'kumugulitsa mzimu wake kuti adziwe gitala. Kwathu kuno tikanangoti anakhwimira. Tsopano ndikuona kuti nkhani imeneyi imamulanda munthuyu thukuta lake. Anabadwa mu 1911 ku Hazlehurst, m'dera la Mississippi, nakulira pakati pa minda ya thonje pa nthawi imene munthu wakuda ankasalidwa ndi malamulo enieni a boma. Mkazi wake woyamba anamwalira pobereka mu 1930, iye asanakwanitse zaka 20. Pambuyo pake anakhala moyo woyendayenda, akuimba m'misewu ndi m'malo omwera mowa kuti apeze ya chakudya ndi pogona. Mukatchera khutu bwino, mumamva chala chachikulu chikugunda nsambo zam'mwamba pamene zala zina zikuyankha mawu ake, moti mungaganize kuti oimba ndi awiri. Luso lotere limabwera ndi kuyeserera kwa zaka, ndipo chisoni chimene chili m'mawu akewo sichochita kupeka.

Anamwalira pa 16 Ogasiti 1938 pafupi ndi tauni ya Greenwood ku Mississippi komweko, ali ndi zaka 27. Ambiri amati anamuthirira chiphe mu mowa, koma chikalata cha imfa yake chimasonyeza kuti panalibe dokotala, ndipo zimandipweteka kuti lero malo atatu osiyana ali ndi chipilala cha manda ake.

Wogula adziwiretu zinthu ziwiri. Nyimbozi zili ndi kaphokoso ka mbale zakale, kamene khutu limazolowera pakapita masiku. Chachiwiri, nyimbo zoimbidwa kawiri anaziika motsatizana, zimene zimatopetsa ukafuna kungomvera, ngakhale kuti zimathandiza wophunzira gitala. Kabukuko kali ndi mawu a nyimbo, ndipo ndimakatsegula nthawi zonse, chifukwa Chingelezi cha ku Mississippi chimavuta kumva.